Botolo la Para

Lolemba, 10 Epulo 1989

Mvula yapita, fumbi layamba. Wapansi kuchoka ku Kalingalinga mpaka ku labu ya kemisitiri pa yunivesite, nsapato yakumanzere yatsegula pakamwa. Zaka makumi awiri ndi ziwiri pa ntchito ya utekinishani, wosunga kiyi ya sitolo ya mankhwala ndine Whyson Sakala, koma chala cha kuphazi chili panja.

Lero ba Dokota Mukupa andibweretsera mwana wa pulojekiti. Kafula, mtsikana wa chaka chomaliza, kwawo ku Mufulira. Ndimdziwa kuyambira chaka choyamba. Ndiye yekha amatsuka magalasi ake osauzidwa. Ntchito yake: kuyeza daipolo ya abale atatu aja a dayikolorobenzini, otho, meta ndi para.

Ndinamuyesa dala, ndati undifotokozere ngati ndine wogulitsa tomato. Anatenga choko, najambula mphete ya benzini pa benchi, ngodya zisanu ndi imodzi. Makolorini awiri akakhala moyandikana pa mphetepo, ndiye otho, amakokera magetsi mbali imodzi, molekyulu imakhala ndi mutu ndi mchira. Kukula kwa kukokako ndiye daipolo. Akatalikirana pang'ono, meta, kukoka kumachepa. Akakhala wina uku wina uko, para, amakokana mofanana, chotsala palibe. Ziro. Ati, "Monga bakazi babili bolimbilana chitenge chimozi, ba Sakala. Chitenge sichiyenda kulikonse." Ndinaseka mpaka kutsokomola.

Ba Mukupa ananena pamaso pake kuti malo a sikolashipu ya kunja chaka chino ndi amodzi basi. Olimbirana ndi awiri, iye ndi Oliver, mnyamata wa m'kalasi mwake. Pulojekiti ndiyo idzagamula.

Kenako anapempha mabotolo. Otho alipo. Meta alipo pang'ono. Para ndinati ndimupatsa Lachitatu. Botolo la para mulibe kanthu, ndipo wolimaliza ndine.

Lachiwiri, 11 Epulo

Ndilembe poyera, kope ili saliwerenga munthu.

Para ndi mankhwala a njenjete, omwe aja. Chaka chatha mkazi wanga, amake Enos, atayamba salaula, malonda a zovala za kaunjika, pa msika wa Mtendere, belo lonse la majuzi ndi majekete linabowoka m'nyumba. Analira ngati pamaliro. Ine ndati khalani chete, ndibwera. Masupuni awiri mu envulopu. Mwatsoka zinagwira ntchito. Belo lina, masupuni ena. Botololo linakhala pa shelefu kuyambira 1974 popanda wolikhudza, ndinkati ndani adzalifuna? Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mu Febuluwale ndinakokota pansi.

Kuwoda lina? Foreksi, ndalama zakunja, palibe. Oda ya chaka chatha sinafike mpaka lero, ngakhale mapepala osefera tikudula pakati.

Kuulula? Cephas wa ku sitolo inayo anachotsedwa mu Januwale chifukwa cha sipiriti, theka la botolo chabe. Penshoni yonse inapita. Ndimamupitirira m'mawa uliwonse akuswa miyala m'mbali mwa msewu, nsanza kumanja. Ine zanditsalira zaka zitatu.

Masana ndinathamangira kutauni. Mayi wina pamsika, timipira ta njenjete tili m'mbale, topanda pepala, topanda dzina. Ndinanunkhiza. Fungo lomwelo, koma pamwamba pake pali kena kozizira m'mphuno. Ndinadziuza kuti ndi chimfine changa. Ndasinja mu kamtondo ka mu labu, ndathira m'botolo. Lebulo yakale ikadali bwinobwino: 99 peresenti.

Lachitatu, 12 Epulo

Ndamupatsa Kafula botolo lija. Analandira ndi manja awiri.

Para weniweni amasungunuka pa madigiri 53, ndipo umu ndi mmene timadziwira kuti ndi woyera. Temomita yodalirika yatsala imodzi, ndimaisunga ine m'dirowa. Anandifunsa ngati ndayesa kale posungunukira pake. Ndati ndayesa, 53 ndendende. Sindinaphethire n'komwe. Analemba m'buku lake: 53, W.S. Zilembo za dzina langa, ndi inki.

Masana onse ndinamuphunzitsa makina a dayilekitiriki. Nkhalamba ya mavalavu agalasi ngati a wailesi zakale, inandipeza ndili mnyamata. Selo yake ndi timachubu tiwiri tachitsulo, kena mkati mwa kanzake, benzini imalowa pakati pake. Uvala mahedifoni, umva mluzu, upotoza chigudumu pang'onopang'ono mpaka mluzu uti zii, uwerenga nambala. Benzini yokha, youma bwino, ipereka 2.27. Ukasungunulamo mankhwala a mutu ndi mchira nambala ikwera, chifukwa timamolekyulu titembenuka kutsata magetsi. Kakweredwe kake ndi kamene kamakupatsa daipolo. Para sayenera kuikweza, kupatula kachidutswa kosawerengeka.

Khutu la mwanayu! Ena ndimawaphunzitsa sabata. Iye kachitatu anali atagwira kale pamene mluzu ufera.

Lachiwiri, 18 Epulo

Otho 2.3. Meta 1.5. Monga mwa buku. Anavina pakati pa mabenchi, mahedifoni ali m'khosi, waya nkutsala pang'ono kuzuka. Ndinamukalipira, koma mtima unali kuseka.

Mawa ayamba para. Ndikuti mwina. Mwina timipirato ndi toyera ndithu, ndani angawononge ndalama kuthiramo zina?

Mzere wa ufa pa shopu ya boma, makuponi m'manja, kuyambira 4 mpaka mdima. Utatsala anthu asanu ati watha.

Lachisanu, 21 Epulo

0.9.

Anabwereza Lachinayi. 0.9. Lero kawiri. 0.9, 0.9.

Manja a mwanayu ndi abwino, ndicho chikundipha. Wina akanapeza 0.4 lero, 1.2 mawa, tikanati ndi manja ake, nkhani yatha. Iye madontho onse ali pa mzere umodzi ngati anachita kuwafoletsa. Makina akunena zoona. M'botolomo muli china cha mutu ndi mchira.

Ba Mukupa anabwera, anayang'ana girafu, naiponya pa benchi. Pamaso pa Oliver. Ati, "Benzini yako ili na manzi, olo unasuka selo na asitoni osaumika. Ndiwe wa chaka chomaliza iwe, olo wa Giredi 8?" Kafula sanalire. Anatenga selo, nayamba kuitsuka. Ine ndinaimirira pambali pake kumupopera mpweya woumitsira, ndikudziwa bwinobwino kuti selo ilibe mlandu.

Iwe Whyson iwe. Galu.

Lamulungu, 23 Epulo

Ku tchalitchi ndine ndinawerenga zolengeza, tayi pakhosi, mkulu wa mpingo. Mawu anatuluka bwino, palibe anaona kanthu.

Titabwerako ndinawauza amake Enos zonse. Anali kusita majuzi a mawa, nyengo yozizira yayandikira, malonda ayamba kuyenda. Anaika simbi pansi. Ati, "Ine ndinakutumani? Simunanene nokha kuti ndi zotaya?" Zoona, ndinatero. Kenako ati, "Mukakanena, nyundo ya miyala mukabwereke kwa a Cephas. Mwanayo ali ndi makolo ake, anuwa ali ndi inu nokha."

Anena bodza pati? Koma ndinakwiya nawo tsiku lonse, ngati iwo ndi amene anasinja timipira.

Lachitatu, 26 Epulo

Benzini yatsopano palibe. Ndikutcheza yomweyo imene wagwiritsa kale, kuibweza, kuiumitsa ndi waya wa sodiyamu. Sodiyamu katsala kachidutswa ngati nyemba. Iye akuganiza kuti vuto ndi madzi, ndiye akundithokoza. "Mulungu akudaliseni ba Sakala, mwavutika na ine." Kuli bwino akanandimenya mbama.

Kasanu ndi kawiri tsopano. 0.9. Sakupitanso kukadya masana. Maso alowa.

Oliver anamuuza kuti angolemba 0.1, palibe adzabwereze. Mnyamatayo si woipa, ndi mmene ambiri achitira. Koma chimene ndikulembera lero ndi ichi: nanenso ndinanena. Ndi pakamwa panga pano. Ndati mwana wanga, nthawi yatha, aliyense adziwa kuti para ndi ziro, lemba za m'buku upite. Ndinkaganiza kuti ndapeza khomo lotulukira tonse awiri. Anavula mahedifoni. Ati, "Na imwe, ba Sakala? Makina sananiuze ziro. Nikalemba ziro, ninshi ninabwelela chani kuno?"

Ndinanamizira kuti madzi a kondensa akutayika, ndinachokapo.

Loweruka, 29 Epulo

Ndekha mu labu m'mawa wonse. Ndinatulutsa temomita, ndachita chimene ndinanama kuti ndachita. Ufa unayamba kunyowa pa 44, watha pa 49. Palibe 53.

Ndinatenthetsa pang'ono pa galasi, ndanunkhiza bwino ngati munthu wa ntchito, osati ngati mbala yothamanga. Kamfa. Kozizira kaja ndi kamfa, uja wa m'mafuta opaka pachifuwa, ndipo kamfa daipolo yake ndi yaikulu, pafupifupi 3. Pang'ono chabe ndi wokwanira kukweza nambala. Tsiku lija mphuno inandiuza, ine ndinaitsutsa.

Ndinayesa kulekanitsa ndi nthunzi, kuti para akwere yekha akagwire pa galasi lozizira. Kamfa nayenso amakwera. Akwerera limodzi ngati apabanja. 45 mpaka 50.

Njira yeniyeni ndi kusungunula mu sipiriti yotentha, kuziziritsa, para atuluke yekha, kamfa atsale m'madzimo. Koma chichotsedwere Cephas sipiriti yonse ili mu ofesi ya akulu a dipatimenti, uyenera kusaina ndi kulemba chifukwa. Ndilemba chiyani? Kutsuka tchimo?

Lachiwiri, 2 Meyi

Kachasu. Ndi sipiriti yomweyo, yangochuluka madzi ndi zonyansa. Kuitcheza kawiri mu labu ikwana.

Ku Kalingalinga ophika alipo atatu, onse andidziwa, mmodzi ndinamuyendera ndekha ndi abusa kukamudzudzula. Ndiye dzulo pa holide ndinakwera minibasi mpaka kutauni, kenako wapansi ku Chibolya, kumene kulibe wondidziwa. Chipewa mpaka m'maso. Anyamata a pakona kundiyang'ana ngati wapolisi. Mayi wogulitsa anandiona tayi, ati, "Ba tate, ni ya malilo olo ni ya mutima?" Ndati ya mankhwala. Ati onse amatero.

Mabotolo awiri mu chikwama cha Baibulo. Mu minibasi chitsekero china chinatayirira. Kondakitala ati mudala wayamba m'mawa. Manyazi! Ndinatsika masiteji awiri ndisanafike.

Amake Enos ananunkhiza chikwama. Anangochikoleka panja pa waya.

Loweruka, 6 Meyi

Zatheka! Kutcheza kawiri, kusungunula, kuziziritsa m'beseni la madzi. Para watuluka ngati singano zoyera, zazitali, zonyezimira. Ndabwereza kachiwiri kuti ndikhale wotsimikiza. 53 ndendende. Ndinayesa katatu, katatu konse 53.

Ndataya ufa wakale wonse, ndatsuka botolo, ndathiramo singano zanga. Lolemba adzayeza, ziro idzabwera, adzati anali madzi m'benzini, ba Mukupa adzati ndinanena ine. Palibe wochotsedwa, palibe wolephera. Lipoti lifunika pa 19, nthawi ilipo.

Ndinayenda ndikuimba mpaka kunyumba. Ndinamupatsanso moni Cephas mokweza, pamene masiku onsewa ndimayang'ana kumbali.

Lolemba, 8 Meyi

Makina afa.

Timawasiya oyaka kuti mavalavu asazizire, apo ayi nambala imayendayenda. Dzulo magetsi anazima, pobwera anabwera ndi ukali. Valavu yaikulu yapsa, galasi lake lada mkati. M'mahedifoni zii, popanda wopotoza. Yosinthira inatha mu 1985.

Ndinakhala pa situlu. Masiku awiri okha, Ambuye. Ndikanayamba sabata yapitayo. Ndikanayamba tsiku lomwe ndinagula.

Kafula anafika 7 koloko, anali atakonzeka kuyesa kachisanu ndi chitatu. Asanadziwe za makina anali atatsegula kale botolo la para pa sikelo. Ndinamuona akuliyang'ana nthawi yaitali, kulipendeka, kulitseka. Nditamuuza za valavu anangoti, "Oho." Masana anabwereka temomita. Ndinamupatsa ndi mtima woyera, lero ndilibe chobisa m'botolomo.

Lachisanu, 12 Meyi

Masiku atatu kusaka valavu. Okonza mawailesi a ku Matero, a ku Chawama, mdala wina wa ku Mandevu amene ati ali ndi chilichonse. Anakhuthula katoni yonse pansi, mavalavu a magalamafoni, a mawailesi a m'ma 60. Nambala yathu palibe. Ati yesani kunja kwa dziko. Ndinaseka, nanga n'kutani.

Nsapato ija yamalizika, ndamanga ndi waya wa kopa.

Ba Mukupa amuuza Kafula kuti alembe ndi zimene ali nazo. Akhala ku laibulale, akabwera ndi kuwerengetsa chabe pa benchi yake. Moni apereka, mwaulemu monga kale. Koma nthabwala zatha. Chitenge ndi tomato zatha. Kawiri ndamupeza akundiyang'ana, ndikatembenuka abwerera pa pepala. Watopa mwana.

Lachinayi, 18 Meyi

Ndalemba kalata kwa ba Mukupa. Mizere isanu ndi umodzi. Ine Whyson Sakala ndinatenga, ndinathiramo za pamsika, ndinanama za 53, mwanayu alibe cholakwa. Ndikaipereka mawa m'mawa, 0.9 yake isanduka umboni wa manja abwino, osati wa uve.

Ndaiwerenga, ndaipinda, ndaiika m'thumba la shati. Pobwera ndinadutsa pa miyala. Mkazi wa Cephas nayenso wayamba kuswa, mwana kumsana, fumbi loyera m'tsitsi. Kunyumba Enos akuwerenga za mayeso a Giredi 12, wang'ono akutsokomola. Kalata ndayatsira mbaula.

Mapanga awiri avumbwitsa, amatero. Ine ndasankha phanga langa, ndisanamizire mvula.

Lachisanu, 19 Meyi

Tsiku lopereka malipoti, 12 koloko.

Ndinadzitsekera m'kachipinda kowumbira magalasi kuyambira 8. Ati kukonza byureti yosweka, kachubu kagalasi koyezera madzi. Byureti yakhala yosweka zaka ziwiri, inalibe changu chilichonse. Pa kampata ka chitseko ndinkamuona Kafula. Ali pa benchi yake, mapepala patsogolo, osamanga. Oliver anapereka 9 koloko napita. Iye ali pompo. Sakulemba, sakuwerenga. Wangokhala.

Hafu 11 anagogoda. Kamodzi. Ndinatsegulira moto wa gasi kuti ulire kwambiri. Anaima pang'ono, mapazi ndikuwaona pansi pa chitseko. Kenako ndinamva sitepula, kha, kha, ndi chitseko cha panja.

Byureti ndaiwononga, yapindika.

Lachitatu, 24 Meyi

Oliver.

Ba Mukupa anandiuza okha pa khonde, akuyatsa theka la ndudu. Ati mtsikanayo mutu ali nawo kuposa mnyamata, koma walemba 0.9 m'tebulo, pansi pake ati chifukwa chake sichikudziwika. Komiti ya sikolashipu ikanatani? Munthu wolephera kupeza ziro ya para ungamutumize kunja akatichititse manyazi? Digiri apata, koma malo apita kwa Oliver. Maina atumizidwa Lachisanu.

Ndinati pepani. Ati mupepesa chiyani imwe, mwavutika naye mokwanira.

Lero Lachitatu. Mawa Lachinayi. Masiku awiri alipo.

Lachisanu, 26 Meyi

Maina apita.

Lolemba, 29 Meyi

Sindinadye Loweruka, sindinapite ku tchalitchi dzulo, ndati malungo. M'mawa uno ndinalembanso kalata ija pa benchi, osadutsa nayo kunyumba, osadutsa pa miyala. Molunjika ku ofesi ya ba Mukupa.

Anawerenga kawiri. Anavula magalasi. Ndinayembekeza kukalipa, ndinali nditakonzeka, ndinkakufuna. Anangofunsa ngati pali wina waiona. Ndati ayi. Ati, "Ba Sakala, maina anayenda pa Chisanu. Iyi kalata siizabweza ndeke. Nikaipeleka pamwamba, nizataya munthu mmozi yeka wamene aziba kuumba magalasi muno, elo naine bazanifunsa chifukwa sininayese botolo. Tengani." Anaikankhira kwa ine ndi chala chimodzi.

Ndinatenga. Ndicho chimene sindidzaiwala, kuti dzanja linapita lokha, ndipo pansi pa mtima ndinamva kupepuka. Kuulula kwanga ndinakusunga mpaka tsiku limene sikungandilume, sikungamuthandize. Kodi ndinachita dala? Sindikudziwa. Ndikuganiza kuti inde.

Ntchito ilipo. Penshoni ilipo.

Lachisanu, 2 Juni

Kafula anabwera ndi fomu yotsanzikira. Wophunzira aliyense asanachoke, tekinishani asaina kuti sanaswe kanthu, sanasowetse kanthu ka mu labu. Ine kusainira iye. Ndinasaina.

Sitima yake ndi ya mawa. Ati akayesa kufunsira uphunzitsi ku sekondale, ngati akulemba anthu.

Ndinamuuza kuti akhale pansi, ndili ndi mawu. Ndinayamba ndi njenjete. Anandidula. Ati adziwa kuyambira pa 8 Meyi. Lachisanu anasiya ufa m'botolo, Lolemba anapezamo singano, ndipo kiyi ili ndi munthu mmodzi. Ufa wakale anali nawo pang'ono m'kabotolo kake koyezera. Temomita ija anabwerekera zimenezo. Singano 53, ufa 44.

Kukonza kwanga komwe ndi kumene kunandiulula. Ine ndikuimba mumsewu.

Ndati nanga osanena bwanji, mwana wanga, malo ako apita. Ati atate ake anachotsedwa ku mgodi ali Giredi 9, adziwa chimene chimalowa m'nyumba bambo akabwera ndi kalata masana. Ati, "Sinenze kufuna kuti ichoke pakamwa panga. Nenze kuyembekeza kuti muzakamba mweka. Nenze na chikhulupililo, ba Sakala. Mpaka hafu 11."

Ndati ndinakaulula Lolemba. Anandiyang'ana. Ati, "Lolemba."

Sanakalipe. Anatsegula chikwama, natulutsa tsamba limodzi lotayipa, nalisiya pa benchi. Tsiku lija anali ndi masamba omaliza awiri. Lina ndi limene anamanga, la chifukwa chosadziwika. Ili ndi linalo, limene akanamanga ndikanatsegula chitseko. Anagwada pang'ono monga amachitira, napita.

Ndaliwerenga kanayi. Posungunukira pa ufa ndi pa singano, mbali ndi mbali. Fungo. Kenako watenga 0.9 yake yomweyo, nawerengetsa chobwerera m'mbuyo: ngati para ndi ziro ndipo chosakanizika ndi kamfa, ndiye kamfayo ndi gawo limodzi mwa khumi. Wopanda makina, wopanda wina womuuza, pensulo chabe. Ndayesa ndekha pa pepala, zikugwirizana. Dzina langa mulibe paliponse. Pamene panayenera kukhala W.S. wasiya mpata.

Zaka makumi awiri ndi ziwiri sindinaonepo tsamba lotere kuchokera kwa wophunzira. Komiti ikanaliona, Oliver sakanayandikira n'komwe. Woliwerenga ndine ndekha.

Sitima inyamuka mawa 2 koloko. Ndikapita ku siteshoni, ndikanena kuti... Kuti chiyani? Sindikudziwa.